Mlendo Apita, Mjigo Utsala

Mu 1986 nkhondo itafika ku Milange, makolo athu ambiri a kuno ku Mongue anathawira ku Malawi. M'misasa ya othawa nkhondo munabuka kolera ndi cikuku. Madokotala odzipereka a Médecins Sans Frontières anacokera kutali, napulumutsa ana ambiri. Ena mwa ana aja ndinu amene mukuwerenga bukuli. Tiyenera kuthokoza.

Koma tinenenso zoona. Mtendere utabwera mu 1992, alendo ena anatikumbira mjigo. Anafunsa amfumu, koma sanafunse amayi amene amatunga madzi. Kabuku kofotokoza kakonzedwe kake anakasiya m'Cingerezi. Mjigo utaonongeka, iwo anali atapita kale. Amayi anabwerera kumtsinje.

Mlendo wogwira nchito yekha amatisiyira citsulo cabe. Mlendo wabwino amaphunzitsa mmodzi wa ife kugwira sipanala.

Nafenso tinalakwa. Tinkangoomba m'manja osafunsa kanthu. Tsopano tikuphunzira kuwerenga ndi kulemba. Akadzabweranso, monga anacitira pambuyo pa namondwe Freddy mu 2023, tidzawafunsa kuti: "Cikaonongeka adzakonza ndani? Zitsulo zake tidzagula kuti?" Mayankho ake tidzalemba tokha, m'cinenero cathu.