Timatabwa Tinayi ta Woombeza

Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, Mbona akafuna kulankhula sawerengetsa munthu kanthu. Amagwira munthu mmodzi, mawu n'kutuluka, ndipo nkhani yake imakhala ya dziko lonse la Lundu: mvula, dzombe, mafumu amene ataya mwambo. Koma mwana akamadwaladwala, kapena banja likayamba kugwedezeka, Mmang'anja kapena Msena sakagogoda kwa Mbona. Amapita kwa woombeza ula, ndipo kumeneko n'kumene kuwerenga kumasanduka luso.

Zida za ula n'zosiyanasiyana. Ena amaponya mafupa, ena zigoba, ena amangoyang'ana pa kalilole. Zimene ine ndimazisirira ndi za Ashona, anansi athu a kutsidya kwa Zambezi, zotchedwa hakata. Ndi timatabwa tinayi tosema, nthawi zina ta fupa kapena mnyanga. Mbali imodzi ili ndi zojambula, inayo ndi yosalala. Kalikonse ndi munthu: Chitokwadzima ndi bambo wachikulire, ndipo kawirikawiri amamusemera ng'ona, Kwami ndi mayi wachikulire, Chirume ndi mnyamata, Nhokwara ndi mtsikana. Woombeza amatigwedeza m'manja n'kutiponya pansi. Kena kamagwa chagada kuonetsa nkhope, kena chafufumimba.

Kagwedwe konse kangakhale ka mitundu 16 basi. Tonse kubisa nkhope ndi njira imodzi, tonse kuonekera ndi imodzinso. Kuoneka kamodzi kokha kuli ndi njira zinayi, kuoneka titatu zinayinso. Koma kuoneka tiwiri kuli ndi njira zisanu ndi imodzi, kuposa kagwedwe kena kalikonse. Apa m'pamene pandigwira mtima. Chida chimenechi chimakonda kugwetsa anthu awiriawiri: mwamuna ndi mkazi wake, mayi ndi mwana wake wamkazi, bambo ndi mnyamata, mnyamata ndi mtsikana, mkulu ndi kamtsikana, mayi wachikulire ndi mnyamata. Ndani amapita kwa sing'anga ndi vuto losakhudza munthu wina? Amene anaganiza zosema anthu anayi, osati atatu kapena khumi, ankadziwa kuti zambiri zosowetsa tulo zimakhala pakati pa anthu awiri odyera mbale imodzi.

Nambala payokha siyankha funso. Zinayi zili ndi mphamvu chifukwa zagawidwa pawiri kawiri: amuna ndi akazi, akulu ndi ana. Ndipo woombeza ayenera kudziwa mudzi wa amene wabwerayo. Chirume akagwa pamodzi ndi Kwami, kwa Amang'anja a ku Chikwawa, kumene mwamuna amakakhala chikamwini, maganizo angathamangire kwa mkamwini ndi apongozi ake. Kwa Asena, kumene mkazi amalowoledwa n'kupita kwawo kwa mwamuna, kagwedwe komweko kangakumbutse za mwana wamwamuna amene waima pakati pa mayi ake ndi mkazi wake. Bambo wachikulire uja kwina ndi atate, kwina ndi malume, mwinimbumba. Waluso amaponya, n'kufunsa, n'kumvetsera mmene obwerawo akuvomerera, n'kuponyanso, mpaka iwo eni atatulutsa zimene amalephera kuuzana kunyumba.

Nambala ya 16 imapezekanso kutali. Ayoruba a ku Nigeria amaombeza Ifa ndi mbewu 16 za kanjedza, ndipo zizindikiro zawo zimafika 256, chilichonse ndi ndakatulo zake zoloweza pamtima. Sikidy ya ku Madagascar nayo ili ndi zizindikiro 16. Konseko nambala ndi khomo chabe, nkhani ili mkati.

N'chifukwa chake sindikhutira ndi manambala amene akugulitsidwa masiku ano. Wina amakuuza kuti 7 ndi ya mwayi, 13 ndi ya tsoka, ukalota njoka ukabetche nambala yakutiyakuti. Tanthauzo lake ndi limodzi kwa aliyense, kaya ndi msodzi wa ku Dambo la Ndindi kaya wodula nzimbe ku Nchalo. Wogulitsayo safuna kudziwa kuti ndiwe mwana wa yani. Kumeneko kulibe kumvetsera, ndiye kulibenso luso.

Komabe ula wakalewo uli ndi pamene umaonongekera, ndipo ndi poopsa. Pa timatabwa tinayi tija palibe pamene pasemedwa dzina la munthu. Kwami akaoneka yekha, chimene chagwa pansi ndi "mayi wachikulire", basi. Woombeza waulesi, kapena amene waona kale kumene mitima ya obwerawo yapendekera, amalumpha n'kuloza agogo akutiakuti a kuseri kwa khola. Dzinalo lachokera m'kamwa mwake, koma anthu amabwerera kumudzi akunena kuti ula wagwira mfiti. Lamulo la za ufiti la 1911 linaletsa mwabvi ndi kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma mpaka lero okalamba akumenyedwa, kuotcheredwa nyumba ndi kuphedwa m'midzi yathu. Woombeza wotere ndimamuda kawiri: wapha munthu, ndipo wanamizira chida chimene ntchito yake inali kuyanjanitsa banja.

Vutoli si lachilendo m'chigwa cha Zambezi. Mu 1560 wansembe wa Chijezwiti, Gonçalo da Silveira, anakwera mtsinjewu kudzera ku Sena ndi ku Tete mpaka ku likulu la Mwene Mutapa, kumene anabatiza mfumu Negomo. Zolemba za Apwitikizi zimati amalonda achisilamu, poopa kulandidwa msika, anauza mfumu kuti mlendoyo ndi mfiti, ndipo mlandu wake unaombezedwa ndi timitengo tinayi. Mu Malichi 1561 anamunyonga n'kumutaya mu mtsinje wa Musengezi. Timitengoto tinali ndi njira 16 zogwera, koma yankho linali litapsa kale asanatiponye. Patatha zaka khumi, asilikali a Mpwitikizi Francisco Barreto anafika ku Sena, mtunda wosatalika kuchokera ku Nsanje, ndipo amalonda achisilamu a m'tauniyo anaphedwa mwankhanza.