Mpeni wa Mayi Sen ndi mtengwa wa kwathu

Mwa nkhani zonse zimene Jhumpa Lahiri anaika m'buku lake la Interpreter of Maladies, lomwe linatuluka mu 1999 n'kupata mphoto ya Pulitzer mu 2000, imene munthu wa ku Mitundu kapena ku Nathenje angaimve msanga ndi ya Mayi Sen. Mayiyu ndi wa ku Calcutta, ndipo watsata mwamuna wake amene akuphunzitsa masamu pa yunivesite ina ku America. Bambo akapita ku ntchito, iye amatsala m'nyumba, masana n'kumayang'anira mwana wa eni, Eliot, wa zaka 11.

Lahiri sataya nthawi kutiuza kuti mayiyu wasungulumwa. Amangotionetsa manja ake. Tsiku ndi tsiku amayala manyuzipepala, kukhala pansi, n'kumaduladula ndiwo zamasamba pa chimpeni chopindika chimene anachokera nacho kwawo. Akuduladula choncho amauza mwanayo kuti kwawo, mawa lake kukakhala ukwati, amayi oyandikana nyumba amasonkhana padenga, aliyense ndi mpeni wake, kuchezera usiku wonse akudula, akuseka, akujeda. Mpeni ndi womwewo, ntchito ndi yomweyo, koma pano ali yekha, ndipo odya ndi awiri basi. Luso lonse la nkhaniyi lagona pamenepa. Wolemba wasankha ntchito imene kwawo ndi ya gulu, n'kuisiya m'manja mwa munthu mmodzi. Ndipo poti tikuona zonsezi ndi maso a mwana, amene saweruza kapena kutanthauzira, chisoni timachipeza tokha.

Ngakhale tsoka lake ndi laling'ono. Mayi Sen amalakalaka nsomba yaiwisi yathunthu, kogula n'kutali, galimoto amaiopa. Tsiku lina alimba mtima, ayendetsa, aomba mtengo wa mawaya. Palibe wafa, koma mayi wa Eliot amuchotsa mwanayo, ndipo munthu yekhayo amene ankamumvera nkhani zake wapita. Bharati Mukherjee, m'buku la Wife la mu 1975, anatenga njira ina: mkazi wa m'nkhaniyo, Dimple, atabindikira m'nyumba ku New York akuonera kanema, apha mwamuna wake Amit ndi mpeni. Bukulo n'lolimba mtima, koma kwa ine magaziwo amamuchotsa Dimple pakati pathu. Timamuona ngati wodwala mutu, pamene Mayi Sen timamuona ngati mlamu wathu.

Ndikuti mlamu chifukwa kuno kumwera kwa Lilongwe chitengwa timachidziwa. Mkazi wasiya mbumba yake, amalume ake ndi anzake osinja nawo, wapita kumudzi kwa mwamuna kumene pachitsime amamulonjera bwinobwino koma nkhani zimaduka iye akafika. Olemba nkhani zazifupi za Chichewa mkazi ameneyu amamufulumiza. Ndime yoyamba walira kale, yachitatu apongozi amuneneza ufiti, yomaliza ankhoswe akhala pansi ndipo owerenga alangizidwa. Zonsezo zimachitikadi, koma mkaziyo sitimamuona ali yekha pamtondo. Sitiona mmene amathirira chidulo m'therere monga amachitira kwawo, a m'nyumba n'kudya osanena kanthu.

Palinso mkazi wina amene zolemba zathu zamudumpha. Boma la Kamuzu lisanalamule m'zaka za m'ma 1970 kuti amwenye achoke m'malo a malonda a kumidzi n'kupita m'mizinda, ambiri ankakhala ndi mabanja awo kuseri kwa masitolo, ndipo ena mwa akaziwo anali atachokera ku Gujarat. M'nkhani zathu mwenye amangokhala bwana wowerenga ndalama. Mkazi wake, amene Chichewa chake choyamba anachiphunzira kwa wantchito wa m'khitchini, akufunika wolemba wodekha ngati Lahiri, amene angafotokoze tsiku limodzi la mayiyo m'chipinda chija, kutsogolo kukugulitsidwa nsalu ndi palafini.