Zimene Tinatola pa Phiri la Zomba

Loweruka lapitali gulu lathu la okonda kujambula linakwera phiri la Zomba, ndipo Lachitatu madzulo tinasonkhana kuti aliyense aonetse zithunzi zitatu zimene akuzinyadira. Tinalipo anthu 11, choncho tinaona zithunzi 33. Pamsonkhanowo sindinalankhule zambiri, chifukwa kudzudzula mnzako pamaso n'kovuta. Koma popeza m'masamba ano tinazolowera kusendana ndakatulo popanda chidani, ndiloleni ndichite chimodzimodzi ndi zithunzi, kuphatikizapo changa.

Choyamba, zithunzi 19 mwa zonsezo zinatoledwa pa Emperor's View ndi pa Queen's View. Malo awiriwa anatenga maina kwa alendo: Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, imene inafika mu 1965, ndi amayi ake a Mfumukazi Elizabeth, amene anafika mu 1957. Ifenso tinakaima pomwe anaima alendowo, n'kuloza makamera ndi mafoni komwe iwo anayang'ana: chigwa cha Phalombe, nyanja ya Chilwa, ndi phiri la Mulanje chapatali. Sindikana, malowo ndi okongola. Koma zithunzi zathu zikungofanana ndi za pa kalendala, moti palibe angadziwe kuti anazitola ndi munthu wogona m'tsinde mwa phiri lomwelo.

Ngakhale pa luso lokha, zambiri zinaperewera. Tinafika pamwamba dzuwa lili paliwombo, nthawi imene mithunzi imafupika ndipo dziko limaoneka lofwifwa. Utsi wa moto wolusa unaphimba Mulanje. Kuwala kwabwino kumapezeka m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, koma ife tinali ndi changu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'zithunzi zinayi kamera inapendama, moti nyanja ya Chilwa ikuoneka ngati itayikira ku Mozambique.

Chachiwiri ndi nkhope. Ambiri tinaimika anzathu atafulatira thambo lowala. Kamera ikaona kuwala kochuluka chotero imatsinzina, ndipo nkhope imada bii ngati kunsi kwa mphika. Wina anaseka nati khungu lathu ndi lovuta kujambula. Ine ndikuti ayi. Kuyambira m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka mafilimu khadi lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu kuti aziyezerapo mitundu, ndiye vuto linali muyezowo, osati khungu lathu. Mankhwala ake ndi apafupi: mtembenuze munthuyo kuti kuwala kumugwere kumaso, kapena muimike pamthunzi, ndipo uyeze kuwala pa nkhope yake, osati pa mitambo.

Ku Chingwe's Hole tinatolako zithunzi zisanu ndi ziwiri. Zisanu ndi chimodzi zikungoonetsa mdima pakati pa masamba ndi mizu. Chimene chimaopsa pa dzenjelo ndi mbiri imene anthu amasimba, yoti kale ankaponyamo anthu osafunidwa, mbiri imene Jack Mapanje anaigwiritsa ntchito m'buku lake la Of Chameleons and Gods la mu 1981. Kamera siingajambule mbiri. Amene anazindikira izi ndi mlongo wathu wa chaka choyamba yekha. Iye analifulatira dzenjelo n'kujambula nkhope zathu tikusuzumira, wina atanyamula mwala koma akuzengereza kuuponya. Mantha onse a malowo ali m'chithunzi chimenechi, ndipo kwa ine ndicho chinaposa zonse.

Komabe chimene gulu linaombera m'manja ndi changa. Potsika, cha m'ma 4 koloko, ndinaona mayi atasenza mtolo wa nkhuni wotalika kuposa iye mwini, thukuta likunyezimira, kumbuyo kwake kuli zitsa za mitengo ya paini. Ndinabisala kuseri kwa mtengo n'kumutola. Anzanga anati chithunzicho chikufotokoza za kutha kwa nkhalango popanda mawu, ndipo anagwirizana kuti chipachikidwe pa chionetsero chathu. Mtima wanga unali m'mwamba mpaka pamene mphunzitsi wina, amene anakhala chete kumbuyo, anafunsa kuti, "Kodi mayiwa dzina lawo ndani?" Ndinasowa pogwira.

Funsolo landisowetsa tulo. Ernest Cole wa ku South Africa ankabisa kamera pojambula nkhanza za tsankho, ndipo buku lake la House of Bondage la mu 1967 linaletsedwa kwawo. Iye ankabisalira apolisi ndi eni migodi. Seydou Keïta, amene anatsegula nyumba yojambulira ku Bamako mu 1948, ankalola munthu kusankha chovala ndi kaimidwe kake. Nanga ine ndinkabisalira yani? Mayi wa msinkhu wa mayi anga, amene ndikanakumana nawo kumudzi ndikanawapatsa moni ndi manja awiri. Nkhope yawo ikuoneka bwino lomwe. Ngati nkhunizo anazitola popanda chilolezo, chithunzi changa chingasanduke umboni m'manja mwa alonda a nkhalango, ine ndikulandira ulemu.

Ena anena kuti ukapempha kaye munthu amauma thupi, chithunzi n'kutaya moyo. Pali choona pamenepo. Koma ukhoza kupempha, kucheza, n'kudikira mpaka munthuyo ataiwala za kamera. Zimenezi zimadya nthawi, ndipo nthawi ndiyo tinaiumira tsiku lonse lija.

Choncho chithunzi changa ndachichotsa pa chionetsero kufikira nditawapeza mayiwo n'kuwaonetsa. Akakana, chithera m'kabati. Ndikupemphanso gulu kuti ulendo wotsatira tidzasiye galimoto, tidzakwere wapansi kudzera mu Potato Path mbandakucha, pamene onyamula nkhuni ndi ogulitsa zipatso ali pa njira. Aliyense adzabwere ndi chithunzi chimodzi chokha, ndipo adzatiuze dzina la munthu amene alimo.