Podula Mawu ndi Pomwe Pali Luso

Buku la Chichewa lokonzedwa mwamphwayi limaonekera kumapeto kwa mizere. Mawu athu ndi aatali. Mneni mmodzi, monga "sindikanakuuzaninso", amasenza mwininkhani, nthawi ndi pamtherankhani, ndipo akafika m'mphepete mwa tsamba sakwana. Woyala tsamba amasankha pakati pa ziwiri: kuwakankhira kumzere wotsatira, n'kusiya mipata ikuluikulu ngati mano ogweluka, kapena kuwadula.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Mapulogalamu monga InDesign ndi Word amadula mawu potsata malamulo a chiyankhulo chimene mwawauza, ndipo m'maofesi ambiri chimakhala Chingerezi. Ndiye mumapeza "nkhuku" yadulidwa pakati pa k ndi h. Phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu. Nkh, mph, ntch ndi ng' sizigawika. Wodziwa ntchito amazimitsa chodulira cha makinacho n'kumadula yekha, mzere ndi mzere. Zimadya nthawi, inde, koma wowerenga sapunthwa.

M'buku lake la 1992 lonena za kayalidwe ka zilembo, Robert Bringhurst amati mzere wabwino umakhala ndi zilembo 45 mpaka 75. Kwa ife ndi bwino kutsamira ku 75. N'chifukwa chake ndimawavulira chipewa amene amayala Buku Lopatulika kapena Buku Loyera m'madanga awiri opapatiza pa tsamba limodzi: pamenepo mzere umadzaza ndi mawu ochepa chabe.

Palinso ŵ. Si mtundu uliwonse wa zilembo umene uli naye, ndipo akasowa, kompyuta imabwereka wa mtundu wina, wonenepa kapena wopendekeka, pakati pa dzina la Malaŵi.

Wowerenga zolakwika alibe womuthandiza. Kompyuta imadula mzere wofiira pansi pa mawu pafupifupi onse a Chichewa, choncho mzerewo suuza kanthu. H mmodzi akagwa, "phala" amasanduka "pala", mawu enieninso, ndipo diso limangodutsa poti limawerenga zimene likuyembekeza. Njira yakale ya m'nyumba zosindikizira mabuku idakali yoposa zonse: awiri, wina akuwerenga mokweza zimene mlembi analemba, mnzake akutsatira ndi cholembera papepala loyesera. Khutu limagwira h wosowa msanga kuposa diso.

Chotopetsa kwambiri ndi kalembedwe. Chichewa Board inatulutsa malamulo mu 1973, inawakonzanso mu 1980 ndi 1990, ndipo kuchokera mu 1996 ntchitoyi ili ndi Centre for Language Studies ku Zomba. Alembi athu anaphunzira m'nyengo zosiyana, ndiye wina alemba "pa nyumba", wina "panyumba". Wina "kuwerenga", wina "kuwelenga". Mkangano umenewu ungathe kudya tsiku lonse mu ofesi. Ine sindivutika kwenikweni ndi mbali imene mkonzi wasankha. Chimene sindikhululuka n'kupeza kalembedwe kena pa tsamba 4, kena pa tsamba 5, chifukwa choti palibe anakhala pansi kulemba pepala limodzi la zimene agwirizana ntchito isanayambe.