Mganda ndi Nkhalamba za Keyala

Pamene nkhalamba ya Keyala, imene inaponda dziko la Abyssinia ndi nkhalango za Burma pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945, igona tulo tosadzuka m'mudzi wina wa ku Dowa kapena ku Ntchisi, olira maliro sayenera kuyang'ana nyota zokha zimene zikolekedwa pa jekete lake lakale. Pakuti chuma chenicheni chimene amuna otere anachisunga chili pabwalo la mganda. Guleyu anabadwa potsanzira perete wa asilikali obwera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo obwera ku yachiwiri, ngakhale ambiri anabwerera ku khasu ali amphawi, anamlera ndi mwambo wonse wa usilikali wa ku Zomba.

Taonani anyamata atandanda m'mizere, makabudula oyera ositidwa bwino, masokosi ofika m'maondo, malipenga a zikho akulira pamodzi ndi ng'oma yaikulu, mwendo uliwonse ukutsika nthawi imodzi! Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto: mkulu wa Keyala wotereyu, atakhala pampando ndi ndodo yake, ankadzudzula wophonya phazi mofatsa, namuonetsa yekha kaimidwe koyenera, ngakhale maondo anali atayamba kale kumkana.