Kuthamanga sikufika: ndakatulo ya mzere umodzi ya a Marinica

Ena afunsa kuti nkhani ya mpira ikudzatani patsamba la zolembalemba. Inetu ntchito yanga ndi mawu, ndipo chomwe chidandiwawa panthawi ya a Mario Marinica kutimu ya Flames ndi mawu amene.

Mphunzitsi wa ku Romania ameneyu adatibweretsera mzere umodzi: mpira wachangu, wachangu zedi. Adaubwereza pawailesi ndi m'nyuzi mpaka nafe m'maminibasi tidauloweza ngati nyimbo yakwaya. Koma mlakatuli aliyense amadziwa kuti mzere wobwerezabwereza umakoma pokhapokha ndime zake zikakhala ndi mfundo. Apo ayi, umangosanduka phokoso.

Ndime zoyamba zidakoma, tisaname. Mu Januwale 2022 ku Cameroon tidagonja 1-0 ndi Guinea, tidathira Zimbabwe 2-1, n'kulepherana 0-0 ndi Senegal yomwe idadzatenga chikhocho. Kwa nthawi yoyamba Malawi idadutsa ndime yam'magulu. Pa 25 Januwale, Gabadinho Mhango adaponya mpira kuchokera kutali zedi, n'kugwera muukonde wa Morocco patangotha mphindi 7. Tidagonja 2-1, komabe usiku umenewo ndidagona ngati munthu wolemera.

Tsono funso la wounika nali: adalemba ndime zimenezi ndani? Adatengera timuyi ku Cameroon ndi a Meck Mwase, pomwe Richard Mbulu adagoletsa Uganda pa Kamuzu Stadium mu Malichi 2021. Pamasewero awiri oyamba a Marinica adali atabindikiritsidwa ndi Covid-19, ndipo chipambano chokhacho chomwe tidapeza kumpikisanowo, cha Zimbabwe chija, pabenchi padali a Mwase. Zigoli zathu zonse zitatu zidali za Gaba. Koma mu Epulo 2022 bungwe la FAM lidachotsa a Mwase, ambirife n'kumangoti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Nane ndidaombera nawo m'manja, ndipo lero ndikuchita nazo manyazi.

Kalumoko kadayamba kumeta ndani? Gaba yemweyo. Mu Juni 2022 adamwetsa mapenate awiri pomwe tidagonjetsa Ethiopia 2-1 pabwalo la Bingu, koma pofika Malichi 2023, tikukonzekera Egypt, dzina lake padalibe. A Marinica ankati nkhani ndi ya mwambo. Mwambo sindiutsutsa ayi. Palibe wosewera woposa timu. Koma ntchito ya mphunzitsi si kulanga kokha. Kholo likakangana ndi mwana amene amabweretsa ndiwo pakhomo, limamuitanira kuseri n'kukambirana, osati kugonetsa banja lonse ndi nsima yopanda ndiwo pofuna kuonetsa kuti mwini nyumba ndani.

Zotsatira tonse tidaziona. Ku Cairo tidamwa 2-0. Pa 28 Malichi, pakhomo pathu penipeni ku Lilongwe, tidamwa 4-0, zitatu tisadapite n'kokapuma komwe. Mphindi 180 osagoletsa ngakhale chimodzi. Kugonja ndi timu ya Mohamed Salah si mlandu, amangwetu. Chidandiliza ndi kuona anyamata akungomenyera mpira kutsogolo ngati ukuwotcha, kenaka n'kumauthamangira uli m'miyendo ya eni ake. Changu chidalipo ndithu, koma cha Aigupto.

Pagule, woimba ng'oma wodziwa amayang'ana miyendo ya wovina. Ng'oma ndi phazi zimamvana. Cholakwa cha a Marinica, m'kuona kwanga, chidali kubwera ndi kamvekedwe kokonzeratu n'kulamula kuti aliyense avine momwemo. Phazi likakana, wolakwa ankakhala wovina, osati ng'oma. Mnyamata wokulira pampira wachikulunga, wozolowera kupatsirana pafupipafupi, sungamusinthe ndi mzere umodzi pamisasa ya masiku owerengeka.

Mgwirizano wawo utatha mu Epulo 2023, FAM sidawonjezerenso, ndipo a Patrick Mabedi adagwirizira mpandowo. Ambiri tidapumira m'mwamba. Koma mkwiyo wanga sudathere pa a Marinica okha. Adatigulitsa mawu, inde, koma ogula tidali ife, atolankhani ndi ochemerera, amene tidakopeka ndi mzere wokoma osafunsa ndime zake.

Mphunzitsi wina akadzabwera ndi mzere wake, chonde tidzayambe taona kaye miyendo ya anyamata pabwalo tisadayambe kuvomereza nyimbo. Akulu adanena kale: kuthamanga sikufika.