Mlendo Kapena Chilombo? Kuunika Masewero a Nkhondo za Mumlengalenga Kuchokera ku Mgodi wa Madziwa

Chiyambi

Kwa nthawi yaitali, akatswiri ounika zolembedwa m'zinenero za mu Africa akhala akuyesa masewero apakompyuta zidole za ana a anthu opeza bwino. Maganizo amenewa ngofunika kuwaonanso. Sewero lapakompyuta limakhala ndi atengambali, malo, mkangano ndi mathero, monga momwe ikhalira nthano. Kusiyana kwake nkwakuti womvera nthano amakhala pansi nkumavomera kuti "tili tonse", pomwe wosewera amapatsidwa mpando wa mtengambali wamkulu. Choncho funso loyenera kufunsa ndi lakuti: mpando umenewo ngwa yani?

Nkhani ino ikuunika masewero atatu a nkhondo za mumlengalenga, omwe ndi Master of Orion wa 1993, StarCraft wa 1998 ndi Stellaris wa 2016. Ikuwaunika powayika pambali pa mbiri ya Madziwa, mgodi wa m'boma la Shamva m'chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, dera lomwe mwakhala mbumba ya anthu ochokera ku Malawi kwa zaka zoposa 100. Mfundo yake njakuti masewerowa amafotokoza nkhani ya migodi ndi maso a mwini mgodi, ndipo Chichewa chili ndi njira yake yoululira zomwe Chingerezi chimaphimba pankhaniyi.

Aneni anayi

M'chaka cha 1993, polemba za Master of Orion m'magazini ya Computer Gaming World, Alan Emrich adatcha masewero a mtundu umenewu dzina lakuti 4X, potengera aneni anayi a Chingerezi. M'Chichewa aneniwo ndi kufufuza malo atsopano, kufutukula malire, kudyera chuma cha malowo ndi kufafaniza adani. Wosewera amayamba ndi pulaneti limodzi, natumiza zombo kukazonda nyenyezi zoyandikana nazo, nakhazikitsa midzi, nakumba mtapo, kenaka namanga zombo zankhondo.

Wophunzira malamulo a chinenero aona msanga kuti aneni onsewa ali ndi mwininkhani mmodzi, yemwe ndi wosewera. Ena onse, kaya ndi nthaka, mtapo kapena anthu, ali pamalo a pamtherankhani. Wodziwa mbiri ya Zimbabwe aonanso kuti aneni anayiwo akulongosola bwino lomwe ntchito ya British South Africa Company ya Cecil Rhodes, yomwe idalowa ku Mashonaland mu 1890 ikufunafuna golide. Izi sizitanthauza kuti okonza masewerowa adali ndi Rhodes m'maganizo. Chomwe chikuoneka nchakuti nthano ya atsamunda idakhazikika kwambiri kotero kuti idasanduka malamulo a sewero popanda woifunsa.

Mtapo ukatha

StarCraft ndi sewero la mtundu wina pang'ono, la nkhondo yothamanga, koma chuma chake chagona pa mgodi. Wosewera amayamba ndi antchito ochepa pafupi ndi miyala ya mtapo. Wantchito aliyense amagulidwa ndi mtapo wokwana 50, ndipo ntchito yake ndi kupita ndi kubwerera, kututa mtapo usana ndi usiku. Sadwala, sakalamba, sakwatira, salandira malipiro. Mtapo ukatha, wosewera amawasonkhanitsa onse nkuwalozera kumgodi wina, ndipo pamalo akalewo sipatsala munthu. Nkhani yomwe seweroli limasimba imawamvera chisoni anthu akumidzi yakutali omwe boma lawo lidawataya, koma malamulo ake amaphunzitsa wosewera kuwerenga antchito ngati makasu. Pamene nkhani ndi malamulo zatsutsana, chomwe chimatsala m'mutu mwa wosewera ndi malamulo, pakuti ndiwo amawachita ndi manja ake.

Mbiri ya dera la Shamva ikutsutsa chithunzi chimenechi m'njira ziwiri. Choyamba, antchito enieni adali ndi pakamwa. Mu September 1927, antchito pafupifupi 3,500 adanyanyala ntchito pamgodi wa golide wa Shamva, ndipo ambiri mwa iwo pamodzi ndi atsogoleri awo adali ochokera ku Nyasaland. Buku la Charles van Onselen lotchedwa Chibaro, la 1976, likusonyeza momwe antchito a m'migodi ya Southern Rhodesia ankadziwitsirana za migodi ya nkhanza, ankathawira ndiponso ankakanira ntchito mwakachetechete.

Chachiwiri, mtapo ukatha anthu satha. Madziwa udali umodzi mwa migodi ya nickel ya Bindura Nickel Corporation, kampani yomwe Anglo American idakhazikitsa mu 1966, ndipo mtapo wake unkakayengedwa ku Bindura. Mgodiwu udatsekedwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo pambuyo pake nyumba zake zidasanduka sukulu yophunzitsa aphunzitsi ya Madziwa Teachers' College. Wantchito yemwe kwawo kudali kumudzi wa ku Zimbabwe adali ndi kolowera. Koma m'migodi ndi m'mafamu a dzikolo mudalinso ana ndi adzukulu a matchona, obadwira m'komboni, omwe ku Dedza kapena ku Mangochi adangokumva m'kamwa mwa agogo awo. Kwa munthu wotere, komboni ndiwo mudzi, ndipo manda a makolo ake ali pomwepo. Masewero atatu onsewa alibe malo a munthu wotsala pamgodi wotsekedwa.

Mawu amodzi, matanthauzo awiri

Apa mpomwe pali mfundo ya chinenero. M'masewerowa, zamoyo za kumapulaneti ena zimatchedwa alien. Mawu omwewa ndiwo adalembedwa pazitupa za anthu ambiri obadwira ku Zimbabwe omwe makolo awo adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Lamulo la unzika lomwe lidasinthidwa mu 2001 lidalamula aliyense wokhala ndi mwayi wa unzika wa dziko lina kuti aukane potsata malamulo a dziko linalo m'miyezi isanu ndi umodzi. Ambiri a m'migodi ndi m'mafamu sadathe kutero, ndipo adataya unzika pamodzi ndi ufulu woponya voti pachisankho cha 2002. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikolo omwe kholo lawo lidali nzika ya dziko la SADC, ndipo adaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Komabe lipoti la Amnesty International la 2021 lidapeza kuti ambiri adali adakalibe zitupa.

Mwa masewero atatuwa, Stellaris ndi lomwe limafika pafupi ndi nkhani imeneyi. Wosewera amasankhira mtundu uliwonse wa zamoyo za mu ufumu wake malo ake: unzika wathunthu, chilolezo chongokhala popanda kutsogolera, ukapolo, kapena kuchotsedwa. Seweroli liyenera kuyamikiridwa chifukwa silibisa kuti unzika ndi chinthu chomwe wolamula amapereka ndi kulanda, komanso limalola oponderezedwa kuwukira. Chofooka chake nchakuti wosewera amaona zonsezi ali kumpando wa wolemba zitupa. Kuwukira kumafika kwa iye ngati vuto lofunika kulithetsa. Wachinyamata wa ku Madziwa yemwe agogo ake adanyamula chitupa cholembedwa alien, akatsegula seweroli, amapemphedwa kugwira cholembera chomwe chidalemba agogo akewo.

Magulu a mayina

Womasulira masewerowa m'Chichewa angakumane ndi vuto lomwe Chingerezi sichimupatsa. Dzina lililonse la Chichewa limakhala m'gulu, ndipo gululo limamveka m'chiganizo chonse. Akasankha mlendo, wayika alien m'gulu la Mu-A, la anthu, ndipo anena kuti "alendo afika". Akasankha chilombo kapena chamoyo, wamuyika m'gulu la Chi-Zi, ndipo anena kuti "zilombo zafika". Alendo amapatsidwa mpando ndi madzi akumwa, zilombo zimasakidwa. Mneni wachinayi uja, kufafaniza, amayenda bwino ndi zilombo, koma amalemera pakamwa akakumana ndi alendo. Chingerezi chimalola mawu amodzi kunyamula zonse ziwiri, motero kalaliki wolemba chitupa ndi wosewera yemwe sakakamizidwa kunena ngati akukamba za munthu kapena za chinthu.

Ngakhale mlendo samaliza nkhani. Mwambi umati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa. Munthu wobadwira m'komboni, yemwe bambo ake adabadwiranso momwemo, si mame ayi. Mtchona nawo ndi mawu oyang'ana kuchokera ku Malawi, onena za yemwe adapita osabwerera, ndipo Zoë Groves adawagwiritsa ntchito pamutu wa buku lake la 2020 lofotokoza za ulendo wa Amalawi ku Zimbabwe. Mdzukulu wa mtchona sadatchone kulikonse, pakuti sadachoke kwawo. Mawu omuyenera ndi mbadwa, omwe malamulo a 2013 adachedwa kuwavomereza.

Mawu omaliza

Kuunika kumeneku sikukuletsa munthu kusewera. Masewerowa adakonzedwa mwaluso, ndipo amaphunzitsa kuwerengera, kudekha ndi kuona patali, monga momwe achitira bawo. Koma woseweretsa bawo amadziwa kuti mbewu yomwe wadya imalowa m'maenje ake nkukhala yofanana ndi zinzake, popanda chizindikiro cha komwe idachokera. Masewero a mumlengalenga amasunga chizindikirocho, ndipo amachipatsa mtengo.

Ntchito yomwe yatsala njakuti alembi ndi ophunzira a zinenero za mu Africa alowemo. Olemba nthano za m'tsogolo alipo kale: Shadreck Chikoti adatulutsa Azotus the Kingdom mu 2015, ndipo Namwali Serpell wa ku Zambia adapata mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2020 ndi buku lake The Old Drift. Chomwe chikusowa ndi sewero kapena nthano ya m'Chichewa yoyambira pomwe zombo za kampani zanyamuka, yotsata anthu otsala papulaneti lopanda mtapo, ndi manda awo, gule wawo ndi zitupa zawo. Wolemba nthano yotereyi sangasowe zoyambira, pakuti mbiri ya Shamva ndi Madziwa idakali m'kamwa mwa anthu omwe adaiona.